Nikola Jokić: luso lenileni kapena manambala chabe? Nanga mtima wake uli pa mpira kapena pa mahatchi?

Chisale wa ku Mabvuku:

Moni nonse akuluakulu. M'mabwalo a basketball kuno ku Harare mkangano wa Nikola Jokić, senta (wosewera wamtali woima pafupi ndi ring'i) wa ku Serbia, sukutha, ndiye ndati ndiutule pano kwa inu amene mpirawu mumaudziwa.

Ena akuti palibe womuposa pa onse amene akusewera lero: MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse mu sizoni, katatu, mu 2021, 2022 ndi 2024, kuphatikizapo chikho cha NBA, ligi yaikulu ya ku America, ndi Denver Nuggets mu 2023. Ena akuti manambala amanama. Akuti munthu wotalika mamita 2.11 koma wosalumpha, wosathamanga, wosatchinga ring'i, angakhale bwanji patsogolo pa Giannis Antetokounmpo? Akuti mpira uliwonse wa Denver umadutsa m'manja mwake, ndiye ma assist, mapasi obala basiketi, angalephere bwanji kuchuluka? Chimene chimawanyansa kwambiri ndi khalidwe lake. Timu yatenga chikho koyamba chiyambire, iye nkhope osasintha, n'kumati ntchito yatha, tizipita kwathu.

Tandimasulirani. Kodi kwenikweni amachita chiyani m'bwalo chimene masenta ena sangathe? Ndipo kuzizira kwakeku ndi kudzichepetsa kapena ndi kusaukonda mpira? Ndikufunsanso chifukwa anyamata aatali ndi onenepa m'masukulu ayamba kumutsanzira, kuponya ndi mwendo umodzi ndi kupatsira mpira osayang'ana, ndipo makochi agawanika: ena akuwaletsa, ena akuwasiya.

Kochi Mwale wa ku Mufakose:

Achimwene a Chisale, kuti mumuone bwino Jokić siyani kutsata mpira ndi maso. Masewero a Denver akakhala pakwawo, kwa ife kuno amayamba cha m'ma 3 kapena 4 koloko m'bandakucha, ndiye ambiri timangoona zidutswa pa YouTube, ndipo zidutswazo zimangoonetsa pasi yomaliza. Mukapeza masewero athunthu, yang'anani wotchinga amene waima pafupi ndi ring'i kumbali imene kulibe mpira. Jokić maso ake amakhala pa munthu ameneyo, osati pa amene akumumaka.

Zimayamba chonchi. Amalandirira mpira pangodya ya mzere wa free throw, poponyera munthu akachitidwa faulo, kapena pamwamba penipeni, kuseri kwa mzere wa mapointi atatu. Senta wa timu inayo sangachitire mwina koma kumutsatira kumeneko, chifukwa akamusiya aponya: mu sizoni ya 2024-25 analowetsa 41.7 peresenti ya mipira ya mapointi atatu. Senta akangotuluka, m'bokosi mumatsala pululu. Kenako mnzake woyendetsa mpira, Jamal Murray, amabwera chothamanga kudzatenga mpira m'manja mwake, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa Jokić sasankha chochita mpaka wotchinga ataonetsa kumene wapendekera. Womaka Murray akadutsa kumbuyo kwa Jokić, Murray amalandira n'kuponya pomwepo. Akamukakamira kumsana, Murray amakhotera ku ring'i, senta amakakamizika kumuimira kutsogolo, mpira umabwerera kwa Jokić ali mamita atatu kuchokera pa ring'i, ndipo pamenepo amaukankha mofewa ndi dzanja limodzi, shoti imene saiphonya kawirikawiri. Wotchinga akachenjera n'kutsekereza Murray asanafike, Murray amatembenukira kumbuyo kwake, mpira umamupeza wonjanja pansi. Onse awiri akathamangira Murray, Jokić sapereka mpira n'komwe, amangotembenuka n'kulowa yekha. Ndipo munthu wachitatu uja ndanena poyamba akangosuntha phazi limodzi kudzathandiza, mpira umakwera m'mwamba kwa Aaron Gordon amene amadikira m'mbali mwa mzere wakumapeto. Denver inamutenga Gordon ku Orlando mu March 2021 makamaka chifukwa cha ntchito imeneyi.

Masenta ambiri amatha kuphunzira njira ziwiri mwa izi. Iye amaziwerenga zonse pa sekondi imodzi, mpira ali ataugwira pamwamba pa mutu kapena kumbali ndi dzanja limodzi, kumene afupi sangaufikire.

Akapita pansi kukalandira atafulatira ring'i, zimasintha pang'ono. Thupi lake ndi la makilogalamu 129. Amanjanjitsa mpira kawiri kapena katatu akukankha ndi msana, osati pofuna kumugwetsa munthu koma pofuna kumva mbali imene wotchinga waika mphamvu. Akamva kuti wakankhira kumanzere, iye amazungulira kumanja. Akaona kuti palibe amene akubwera kudzathandiza, amamaliza yekha. Akabwera wachiwiri, amadikirabe kuti afike ndithu, atalikirane ndi munthu amene wamusiya, kenako mpira umatuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo osewera ambiri aatali amalephera pamenepa: amapatsira msanga wothandiza akadali pakati, ndiye amabwerera n'kukautola mpirawo.

Za kuti manambala amakwera chifukwa mpira uli kwa iye nthawi zonse, pali mayeso awiri. Oyamba ndi sizoni ya 2021-22. Murray sanasewereko n'kamodzi komwe chifukwa cha bondo, Michael Porter Jr. anasewera masewero 9 okha. Matimu onse ankadziwa kuti woopsa ndi mmodzi. Jokić anamaliza ndi mapointi 27.1, ma rebound (kuwakha mpira wophonyedwa) 13.8 ndi ma assist 7.9 pa masewero alionse, anakhala woyamba m'mbiri ya NBA kupyola mapointi 2,000, ma rebound 1,000 ndi ma assist 500 mu sizoni imodzi, ndipo Denver inapambana masewero 48. Achiwiri ndi kulowetsa. Munthu akamapatsidwa mpira kwambiri, kawirikawiri amayamba kuphonya kwambiri. Iye mu 2022-23 analowetsa 63.2 peresenti ya mipira yonse imene anaponya, pomwe yambiri sinali yapansi pa ring'i.

Miami inayesa nzeru ina m'masewero achiwiri a fainolo ya 2023: kumulola agoletse koma kutseka anzake. Anagoletsa 41, ma assist 4 okha, Miami n'kupambana 111 kwa 108. Masewero otsatira anabwera ndi mapointi 32, ma rebound 21 ndi ma assist 10, zimene zinali zisanachitikepo mu fainolo. M'ma playoff, masewero ochotsana opita ku chikho, a chaka chimenecho anatsogola onse pa mapointi, pa ma rebound ndi pa ma assist.

Shoti ya mwendo umodzi imene anyamata akutsanzirayo amaitcha Sombor Shuffle, potengera tauni yakwawo ku Serbia. Wogwiritsa dzanja lamanja nthawi zonse amanyamukira phazi lamanzere. Iye amanyamukira lamanja, akupendekera kumbuyo, ndiye wotchinga amalumpha nthawi yolakwika. Inayamba mu 2017 atavulala kakolo wakumanzere ndipo sankatha kupondera phazi limenelo. Si maziko a mpira wake ayi, ndi yopulumukira masekondi 24 amene timu imapatsidwa kuti iponye akamatha.

Nambewe wa ku Highfield:

A Kochi, zimene mwanenazo palibe chabodza, koma mwangoyenda theka la bwalo. Tiyeni kutsidya.

Senta ntchito yake yoyamba kumbuyo ndi kuopseza amene akulowa m'bokosi. Kuyambira 2015 mpaka 2025 Jokić sanafikepo pa block imodzi, kuphula mpira woponyedwa ku ring'i, pa masewero alionse mu sizoni iliyonse. Timu ikamuikira pick and roll, pamene wamtali amatchingira mnzake woyendetsa mpira ndi thupi (sikirini) kenako n'kuthamangira ku ring'i, kochi wake ali ndi zisankho ziwiri ndipo zonse zili ndi mtengo wake. Akamuuza kuti abwerere m'mbuyo kukadikira pafupi ndi ring'i, woyendetsa mpira amapeza malo pakati n'kumaponya mosasokonezedwa. Chris Paul anachita zimenezi mu 2021, Phoenix n'kuisesa Denver 4 kwa 0, chaka chomwecho Jokić atangolandira MVP yoyamba. Akamuuza kuti akwere mpaka pamene pali sikirini, zimene Michael Malone, kochi wa Denver nthawi imeneyo, ankakonda, woyendetsa mpira amatsekeka kwa kamphindi koma kumbuyo kumatsala anthu atatu kulimbana ndi anayi. Golden State inadyerera pamenepo mu 2022, 4 kwa 1.

Sindikuti ndi wopanda ntchito kumbuyo. Manja ake ndi achangu, mu 2024-25 ankalanda mipira 1.8 pa masewero alionse, chimene kwa senta n'chachilendo. Rebound ikagwa kumbali yake nkhani imatha pomwepo, ndipo amaithamangitsa yekha kapena kuiponya ndi dzanja limodzi mpaka kutsidya adani asanabwerere. Amatchinganso mapasi apansi ndi phazi mwadala: woimbira amaimba, mpira umakhalabe wa adani, koma mwayi umene anali nawo wafa ndipo Denver yaimanso bwino. Koma zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha pakhale anthu oyenera momuzungulira. Mu 2023 panali Gordon wotseka kumbuyo, Kentavious Caldwell-Pope ndi Bruce Brown othamangitsa oyendetsa mpira. Brown anapita ku Indiana chaka chomwecho, Caldwell-Pope ku Orlando mu 2024, ndipo mpanda unayamba kuonetsa mipata. Giannis mukhoza kumuika ndi anthu wamba, kumbuyo kudzakhalabe kolimba. Jokić ayi.

Ndipo njira yomuvutitsa kutsogolo ilipo. Osamuikira senta wanu wamkulu. Muikeni munthu wamphamvu wina, senta aimire Gordon n'kumayendayenda pafupi ndi ring'i. Lakers inayesa ndi Rui Hachimura ndi Anthony Davis mu 2023 koma inaseseka. Minnesota inaikwanitsa mu 2024 ndi Karl-Anthony Towns, Naz Reid ndi Rudy Gobert, timu yomangidwa ndi Tim Connelly, yemwe uja amene anamusankha Jokić ali ku Denver. N'zoona kuti m'masewero achisanu anawamwetsa 40 ndi ma assist 13 osataya mpira ndi umodzi womwe, koma m'masewero omaliza Denver inatsogola ndi mapointi 20 pakwawo n'kuluza 98 kwa 90, iye atalowetsa 2 yokha pa mipira 10 ya mapointi atatu, miyendo itatha. Mu 2025 Oklahoma City inamuikira Alex Caruso, munthu wa mamita 1.96, kuima kutsogolo kwake kuti mpira usamufike n'komwe, ena akudikira kumbuyo. Anaponya kasanu ndi kanayi kokha, Denver inagwa 125 kwa 93. Kuyambira 2019 mpaka 2025 timuyi inalowa ma playoff chaka chilichonse, chikho chinabwera chimodzi.

Za khalidwe, amene amati ndi wozizira sanamuonetsetse. Munthuyu ali ndi mtima wapachala. M'masewero omaliza aja ndi Phoenix mu 2021 anatulutsidwa m'bwalo atamenya Cameron Payne kumaso pofuna kulanda mpira mokwiya. Mu November chaka chomwecho Markieff Morris wa Miami anamugunda m'nthiti, iye n'kumuthamangira kumbuyo n'kumugwetsa ndi phewa. Analetsedwa masewero amodzi, koma Morris anakhala kunja masewero 58. Morris ndiye anayamba, inde, koma kugunda munthu amene wafulatira n'koopsa pa khosi ndi msana. Mu 2023 analipira chindapusa cha madola 25,000 atakankha mwini wa Phoenix, Mat Ishbia, polimbirana mpira m'mbali mwa bwalo. Ndipo chimene chimaiwononga timu kwambiri ndi chaching'ono: woimbira akapanda kuimba faulo imene iye akuiona, amatsalira akudandaula manja ali m'mwamba, anzake akutchinga anayi kulimbana ndi asanu.

Malume Gama wa ku Dzivarasekwa:

Anambewe mwalasa pa mtima wapachalawo, ndipo zimenezo zikuyankha kale funso la a Chisale. Munthu amene mpira alibe nawo ntchito sakwiya choncho.

Anthu amasokoneza zinthu ziwiri: mpira, ndi phokoso lozungulira mpira. Phokosolo salifuna, ndipo sabisa. Alibe tsamba pa Instagram kapena pa X. MVP ya 2022 anakamupatsira ku khola la mahatchi ku Sombor, iye akufika pa kangolo ka mawilo awiri kokokedwa ndi hatchi. Atatenga chikho pa 12 June 2023, atauzidwa kuti perete ichitika Lachinayi, anadandaula poyera kuti akufuna kupita kwawo, ngakhale tsikulo litafika anasangalala ngati wina aliyense. Mahatchi a mpikisano anayamba kuwakonda ali mwana, khola lake analitcha Dream Catcher potengera hatchi yake yoyamba, ndipo mu 2025 anaoneka akulira hatchi yake itapambana ku Subotica, misozi imene sanagwetse pa chikho cha NBA. N'chifukwa chake anthu amati mtima wake uli kumeneko.

Koma chikondi cha ntchito chimayezedwa ndi zimene munthu wasintha chifukwa cha ntchitoyo. Anasankhidwa pa nambala 41 mu draft ya 2014, pamene matimu a NBA amasankha osewera atsopano, dzina lake likudutsa m'munsi mwa TV pamene ankaonetsa malonda a Taco Bell, iye ali mtulo ku Serbia. Ananena yekha kuti ali wachinyamata ankamwa Coca-Cola malita atatu pa tsiku, ndipo anasiya popita ku America. Ku Mega, timu yake ya ku Serbia, anaphunzira mapazi a pansi pa ring'i kwa Dejan Milojević, amene anamwalira mu January 2024 ali wothandizira kochi ku Golden State. Ku Denver anayamba ngati wogawana malo ndi Jusuf Nurkić, mpaka pa 15 December 2016 pamene Malone anamupatsa malowo kotheratu, Nurkić n'kugulitsidwa ku Portland miyezi iwiri pambuyo pake. Amadziwika kuti amakanyamula zitsulo masewero akangotha. Mu 2019 anasewera mphindi 65 m'masewero amodzi ndi Portland amene anawonjezeredwa nthawi kanayi. Mu 2020-21 sanajombeko, masewero onse 72. Pa 1 April 2025 anasewera pafupifupi mphindi 53 ndi Minnesota, mapointi 61, ma rebound 10, ma assist 10, n'kuluzabe ndi pointi imodzi. Sizoni imeneyo anamaliza ndi mapointi 29.6, ma rebound 12.7 ndi ma assist 10.2 pa masewero alionse, wachitatu m'mbiri ya NBA kufika pa 10 pa zonse zitatu mu sizoni yathunthu, pambuyo pa Oscar Robertson ndi Russell Westbrook. Ndipo kumbukirani kuti Denver ili mamita 1,609 pamwamba pa nyanja, kuposa Harare amene ali cha m'ma 1,490. Wolemera choncho sangathamange mphindi zimenezo mu mpweya wotero ngati amangogona kukhola.

Pamene ine ndimamupezera chifukwa ndi pena. Nthawi zina amakana kuponya mpira umene ndi wake, n'kumafunafuna mnzake amene wazizira, timu ikumira. Kwa zaka zambiri sankafunanso kulankhula ngati mtsogoleri. Zinaonekera poyera Malone atachotsedwa ntchito mu April 2025, patatsala masewero atatu kuti sizoni ithe, pamene anthu anamuona atagwira bolodi ya kochi pa benchi akujambulira anzake. Luso limenelo anali nalo kale, ankangolisunga.

Kwawonso sikuti amangomuimbira m'manja. Anakana kusewera masewero odzipezera malo ku Olympics mu 2021, Serbia inagonja kwa Italy ku Belgrade n'kulephera kupita ku Tokyo, ndipo anamunena kwambiri. World Cup ya 2023 sanapitenso. Koma ali ndi mendulo ya siliva ya ku Rio mu 2016 ndi ya bronze ya ku Paris mu 2024, kumene Serbia inatsogola America ndi mapointi 13 polowa kota yomaliza n'kugonja 95 kwa 91, Stephen Curry atagoletsa 36.

Mpira wa Serbia umenewo ndi umene makochi a kuno ayenera kuonera kwambiri, chifukwa ligi ya Harare ndi masewero a pa City Sports Centre amayendera malamulo a FIBA, bungwe la basketball la padziko lonse. Ku NBA wotchinga saloledwa kuima m'bokosi masekondi opitirira atatu ngati sakumaka munthu. Ku FIBA akhoza kumanga msasa pomwepo. Mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.75, osati 7.24, ndiye bwalo limapanikizika ndipo njira za mapasi zimachepa. Mafaulo ndi asanu, osati asanu ndi limodzi, makota ndi a mphindi 10. Pa malamulo amenewa Serbia ili ndi Jokić yemweyo inatuluka msanga pa EuroBasket ya 2022, mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, m'manja mwa Italy.

Chisale wa ku Mabvuku:

Zikomo a Kochi, Anambewe ndi inu Malume. Pa luso ndi khalidwe ndamva. Latsala la anyamata lija. Mwana wa zaka 14 kapena 15, wamtali kuposa anzake onse, thupi lolemera, miyendo yochedwa, akuphunzirira pa bwalo la phula la kusukulu. Atenge chiyani kwa Jokić, asiye chiyani, ndipo ayambire pati?

Kochi Mwale wa ku Mufakose:

Asiye Sombor Shuffle ndi mapasi osayang'ana. Atenge mapazi, dzanja lofewa ndi maso, motsatana choncho.

Mapazi poyamba. Alandire mpira pangodya ya mzere wa free throw atalumpha pang'ono n'kutera ndi mapazi onse awiri nthawi imodzi, kuti akhale ndi ufulu wosankha phazi lozungulirapo. Azungulire kutsogolo, azungulire kumbuyo, phazi lililonse ka 10, mpira uli pansi pa chibwano, zigongono zili kunja. Cholakwika chimene chimabwera nthawi zonse ndi kukoka chidendene cha phazi lozungulirapo kapena kulinyamula mpira usanachoke m'manja poyamba kunjanjitsa, ndipo woimbira wa FIBA saphonya zimenezo. Chachiwiri ndi kutsitsa mpira m'chiuno pozungulira. Mwana wamtali akatsitsa mpira wadzisandutsa wamfupi, aliyense amaumenya.

Dzanja lofewa limabwera ndi kubwereza pafupi ndi ring'i. Aime pansi pake, alowetse ndi lamanja pogunda bolodi, awakhe usanagwe pansi, alowetse ndi lamanzere, mpaka mipira 20 yolowa, katatu. Kenako abwerere mamita awiri, kenako atatu, aponye mokankha ndi dzanja limodzi, mpira ukwere ndithu kuti ugwere mu ring'i kuchokera pamwamba, 15 yolowa dzanja lililonse. Werengani yolowa, osati yoponya, apo ayi amangothamangira kumaliza. Mpira ukamagunda kumbuyo kwa ring'i n'kubwerera mwamphamvu, ndiye kuti akuponya ndi chikhato m'malo mwa zala, kapena akuwongola mkono mochedwa. Pa bwalo la phula nyengo ya fumbi mpira umaterera, ndiye pakhale kansalu konyowa pambali, chifukwa mwana wozolowera mpira woterera amaphunzira kuufinya ndi chikhato. Asapite ku mzere wa mapointi atatu mpaka atamalowetsa ma free throw 7 pa 10 mosalekeza. Akafulumira, amayamba kuponyera kuchokera pachifuwa pofuna mphamvu, ndipo chizolowezi chimenecho chimavuta kuchotsa.

Maso amaphunzitsidwa ndi masewero aang'ono. Atatu kulimbana ndi atatu pa theka la bwalo, osanjanjitsa mpira, ndipo basiketi iwerengedwe pokhapokha mpira utadutsa m'manja mwa wamtaliyo. Wopatsira aliyense athamangire ku ring'i akangopereka. Kenako onjezani wotchinga wachinayi amene ntchito yake ndi kusankha yekha: kupita kukathandiza kapena kukhala pansi pa ring'i. Wamtali asanapatsire azitchula mokweza kuti "wabwera" kapena "wakhala". Akamatchula molondola 8 pa 10, mulekeni kutchula. Pasi yosayang'ana idzabwera yokha iye akadzayamba kudziwa kumene anzake ali, osati poyeserera kukongola.

Popereka mpira m'manja mwa mnzake wothamanga, aime nji mapazi atatambasuka ngati mapewa. Akamayenda kapena kutulutsa chiuno kuti agunde wotchinga, ndi faulo yake, ndipo ali nazo zisanu zokha. Adziwenso mawotchi awiri: masekondi atatu m'bokosi, ndi masekondi asanu atagwira mpira wotchinga ali pafupi naye. Kudekha kwa Jokić kumachitikira kunja kwa bokosi, phazi lili kuseri kwa mzere. Ana ambiri amadekhera m'kati.

Thupi lisamalidwe. Mwana amene akukula msanga mawondo amamupweteka m'munsi mwa chivundikiro cha bondo, ndipo phula silikhululuka. Kulumpha kochuluka kuchepe, kuthamanga kwa mphamvu kuchitikire pa udzu wa bwalo la mpira wamiyendo, masiku awiri pa sabata, ndipo bondo likatupa apume, akaonedwe kuchipatala. Ndipo asamangoona Jokić yekha. Vitalis Chikoko, wa kuno ku Zimbabwe, wasewera zaka zambiri ku Germany ndi ku France, kuphatikizapo ku Pau-Orthez, ndi mpira wosavuta wa senta: sikirini yolimba, kuthamangira ku ring'i, rebound.

Nambewe wa ku Highfield:

Onjezanipo za kumbuyo, a Kochi, apo ayi mupanga mwana wodziwa theka la mpira. Wochedwa miyendo apulumuka ndi malo amene waima komanso pakamwa pake. Iye ndiye amaona bwalo lonse, ndiye azitchula sikirini iliyonse isanafike, kumanja kapena kumanzere, mokweza. Pa mpira wa kusukulu, kumene oponyera kutali ndi ochepa, abwerere masitepe awiri kuchokera pa sikirini, akhale pakati pa mpira ndi ring'i, manja onse m'mwamba mowongoka, osagwetsa mkono pofuna block chifukwa faulo zambiri za ana aatali zimachokera pamenepo. Woyendetsa mpira akalowetsa kawiri motsatizana kuchokera pakati, m'pamene akwere mpaka pa sikirini, ndipo mnzake wa pakona atsikire m'bokosi kukatseka wothamangira ku ring'i. Mpira ukangochoka m'manja mwa woponya, ayambe wapeza munthu wake ndi msana, kenako ayang'ane mpira. Ndipo ikani lamulo pa mapulakatisi: wodandaula kwa woimbira mpira ukuyenda, timu yake ichotsedwe mapointi awiri.